Manambala Atatu pa Kapepala

Kitwe, 9 June 1968

Wokondedwa Nachisale, mayi a Ruby,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa mwana, ndi wa apongozi amene munati mwendo ukuwavuta. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha utsi chija sichinandisiye, ndipo kukuzizira zosachita kunena. Kalata yanu ndinalandira Lachitatu. Funso lanu lija ndaliona, loti mudzabwera liti kuno. Mayi, zaka seveni ndakhala ndikuyankha kuti dikirani, ndipo mawu amenewa anditopetsa inenso. Koma lero ndili ndi nkhani.

Kuntchito kwathu, kumene timapanga matanki a ku mgodi, kwabwera makina ochokera ku Mangalande owotcherera okha zitsulo. Musaseke, ndawaona ndi maso angawa. Ndi kangolo koyenda pa njanji pamwamba pa chitsulo. Kamadzikokera waya, n'kumathira pamsoko ufa wotuwa wotchedwa fulakisi, moto n'kumayaka pansi pa ufawo osaoneka. Ntchito ya munthu ndi kupotokola zinthu zitatu basi: mphamvu ya moto imene amati maampu, kutalika kwa lawi kumene amati mavoti, ndi liwiro la kangoloko. Ine zaka 14 ndikuwotcherera ndi dzanja, ndimaona chitsulo chikusungunuka n'kudziwa chochita. Lero akuti ndiziwotcherera chinthu chimene sindikuchiona. Zamisala!

Kapitawo wathu mzungu timamutcha Endesha, chifukwa ndi mawu okhawo a Chibemba amene amawadziwa, oti fulumira. Iyeyo watiuza kuti amene awagonjetse makinawa adzakhala woyendetsa wake, ndipo dzina lake lidzakhala loyamba pa nyumba za mabanja zimene kampani ili nazo ku Chimwemwe. Nyumbazo zilipo sikisi zokha ndipo zonse muli anthu, koma ikangopezeka imodzi ndi yake. Mwamva? Zipinda ziwiri, mpopi panja, kumbuyo malo a dimba. Ndatopa kugona amuna anayi m'chipinda chimodzi, wina akuliza nkonono, wina akuyanika sokosi pamutu panga.

Mnzanga Evaristo Miti, wa ku Katete uja ndinakuuzani, ali ndi imodzi mwa nyumbazo. Lamulungu lililonse tikaweruka, iye ku Katolika kwake ine ku tchalitchi kwathu, ndimakadya kwawo. Mkazi wake Philomena akuti mukadzabwera adzakusonyezani kogula tinsomba tabwino ta kapenta. Evaristo akuti iye makinawo sawafuna, ndilimbane nawo ndekha.

Chitenje ndatumiza ndi a Chimkono amene anyamuka mawa. Denga la khitchini musadikire mvula, muwauze achimwene anu ayambe kumweta udzu.

Ndine mwamuna wanu,
Jameson Kaphwiti

Kitwe, 28 July 1968

Nachisale,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kuti Ruby wachira chikuku, Mulungu ndi wabwino. Ine ndili moyo, koma mutu wokhawu ukuwawa tsiku ndi tsiku. Mwadandaula kuti ndakhala chete milungu seveni. Pepani, koma mukanaona zimene ndikuona simukanandiwerengera masiku.

Makina aja anabwera ndi buku. Bukulo likuti pa chitsulo cha hafu inchi uike maampu akuti, mavoti akuti, liwiro lakuti. Ndinaika ndendende. Moto unaboola chitsulo mpaka pansi, bowo loti nkhuku n'kudutsa. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Endesha anafika atafiira, akuti buku silinama, linalembedwa ndi mainjiniya, wolakwa ndine. Ndinamupatsa malo kuti ayese yekha. Anaboola bowo loposa langa, n'kunena kuti ndamusokonezera makina. Asa! Ndinangoti yesi bwana, mtima uli phuluphulu.

Amene analemba bukulo sanafikepo ku Kitwe. Magetsi a m'shopu mwathu sakhazikika. Akayatsa chimakina chopinda zitsulo amatsika, akachizimitsa amalumpha, ndipo mawotchi a maampu ndi mavoti a pa makina anga amasonyeza zawozawo. Ndiye ndinatseka buku n'kuyamba njira yanga. Ndimatenga tizidutswa tiwiri ta chitsulo, ndimawotcherera, ndimadula pakati ndi sowo n'kuona m'kati. Msoko wa makinawa ndi wachinyengo, mayi. Pamwamba ukhoza kusalala bwinobwino, m'kati zitsulo zisanagwirane n'komwe. Ukathamangitsa kangolo moto sulowa, ukakachedwetsa umaboola. Tizidutswa 41 ndadula, manja onse matuza. Evaristo amandigwirira sowo pa nthawi ya tiyi, akunditonza kuti ndakwatira mkazi wachiwiri wachitsulo ndipo akulemberani kalata.

Lachinayi lapitali ndinapeza. Ndinadula, m'kati muli gwa, palibe ndi kabowo komwe. Endesha anakatembenuza kachidutswako kangapo, n'kukaika m'thumba kupita nako ku ofesi. Zikomo sananene. Za nyumba ndinafunsa, akuti tiona.

Manambalawo ali m'mutu mwanga. Sindinawalembe paliponse, ndipo ngakhale inu sindikulemberani.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, kaya alamu anena zotani.

Jameson

Kitwe, 10 November 1968

Mayi a Ruby,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwayamba kubzala. Kuno mvula yayamba ndi ukali, ine ndi chimfine pang'ono. K8 ndatumiza pa positi, mugule mbewu ndi yunifolomu ya mwana.

Mvulayi inandibweretsera mlandu wina. Misoko inayamba kutuluka timabowo timabowo ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Endesha anati ndayamba kumwa. Ine, mkulu wa mpingo! Masiku atatu ndikuzunguzika, kenaka ndinagwira ufa uja ndi dzanja n'kumva kuti wachita chinyontho. Ndinauthira m'mgolo n'kuuwamba pa mbaula, misoko inabwerera mwakale. Sabata yomweyo ndinamumva Endesha akufotokozera bwana wamkulu, uja wokhala ku Nkana West, kuti nzeru yowamba ufa anaiganiza yekha. Ine ndili chiimire pomwepo ndi mbaula yanga.

Izo zilekeni, pali china chimene chikundidya. Kalaliki wadutsa ndi pepala kufunsa aliyense kumene anabadwira. Akuti ntchito zabwino tsopano zizikhala za eni dziko. Sindikuwada, dziko ndi lawo, ifenso kwathu tingatero. Koma pa kampani yoyandikana nafe a kwathu awiri awauza kale kuti alongedze, mmodzi atagwira zaka 20. Tsiku lotsatira Endesha anati Evaristo aziima pambali panga kuti aphunzire makina. Evaristo ndi nzika. Ine ndine mlendo. Nanga pamenepa pakufunikanso wina wondimasulira?

Evaristo mwini amangoseka, akundiitana mune, ndiko kuti mnzanga m'Chibemba. Akuti, "Mune, tauni ya kwathu inali Fort Jameson, lero ndi Chipata. Iwenso tikusintha dzina, ukhale wa kuno." Anthu anaseka, ine sindinaseke. Tsopano ndimafika m'mawa iye asanabwere, ndimapotokola zonse ndekha, n'kukoleka chipewa pa mawotchi. Poweruka ndimabwezera zonse pa ziro. Dzana anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Chipewa chako chakonda malo amenewo masiku ano." Ndinangopitiriza ntchito yanga. Malamulungu atatu tsopano sindinapite kwawo, ndimati ndili ndi msonkhano wa mpingo.

Mwalemba kuti Ruby anafunsa ngati bambo ake ndi aatali kapena aafupi. Mawu amenewo andipweteka, Nachisale. Musamandilembere zotero, ndilibe pozitula. Mukuganiza kuti ine kuno ndikusewera?

Jameson

Ku chipatala, Kitwe, 12 January 1969

Nachisale,

Musadzidzimuke poona kumene kalatayi yachokera. Moyo ulipo. Chitsulo chamoto chinagwera m'jombo Lolemba ndikuthandiza anzanga kudula, ndipo ndisanavule chinali chitadya phazi. Adokotala akuti milungu itatu kapena inayi, phazi silidulidwa. Ndikhulupirira inu ndi mwana muli bwino. Apongozi musawauze, angadandaule chabe.

Endesha anabwera kudzandiona Lachitatu. Ndinadabwa, ndinati kodi munthuyu ali ndi mtima? Ayi ndithu. Phazi sanaliyang'ane n'komwe. Akuti pali matanki atatu a ku mgodi ofunika mwezi uno usanathe, makina sangadikire phazi langa, ndipereke manambala kwa Evaristo. Ndinati mutu ukuwawa, sindikukumbukira bwino. Anati ndikumbukire pofika Lachisanu, apo ayi aona ngati kampani ikufunikadi munthu woiwalaiwala.

Lachisanu Evaristo anabwera ndi Philomena. Ananditengera nkhuku yophika ndi malalanje, Philomena anandichapiranso malaya. Atatha kucheza Evaristo anatulutsa pensulo ndi kapepala, mwamanyazi, akuti, "Mune, si ine nafuna. Ukachira makina ni yako, ine nibwerera ku ndodo zanga." Amanena zoona kapena ayi, ndani angadziwe za mumtima mwa munthu? Ngakhale atanena zoona, wolamula si iye.

Ndinalemba.

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti usanayambe thanki uyambe wawotcherera kachidutswa koyesera, udule, uone m'kati. Ndinamuuza kawiri kuti asaiwale kudula. Atafika pakhomo ndinamuitananso n'kumuuza kachitatu, mpaka anaseka kuti kodi wapsa phazi kapena mutu. Akadula kachidutswa palibe chimene chionongeke, angobwera kudzandifunsa.

Nkhuku ija ndinapatsa wodwala mnzanga wa bedi loyandikana, ine sinalowe. Muzindipempherera, osati za phazi zokha.

Jameson

Kitwe, 23 February 1969

Mayi a Ruby,

Moni. Ndinatuluka m'chipatala, ndikuyenda motsimphina koma ndayamba ntchito. Ndikhulupirira kumeneko kuli bwino.

Matanki atatu aja atawapopera madzi powayesa, misoko inang'ambika. Palibe anavulala. A ku mgodi anawakana onse atatu. Panali mlandu ku ofesi ine ndikadali m'chipatala, ndipo Evaristo anamuchotsa ntchito. Anasamukira ku Ndola kwa alamu ake.

Ine andilemba kukhala woyendetsa makina. Bwana wamkulu wanena kuti za kobadwira zisandidetse nkhawa, andilembera kalata yoti ntchitoyi palibe wina angaithe. Nyumba yapezeka ku Chimwemwe, kiyi anandipatsa Lachisanu.

Ndiye konzekani. Mukakolola mukwere basi ya ku Chipata, kuchoka apo ya ku Lusaka, kenaka sitima. Kalata ya sukulu ya Ruby mukatenge kwa aphunzitsi. Mbuzi musiyire achimwene anu. Miphika yadothi musanyamule, ingasweke m'njira.

Ndatopa, ndilekeze pano.

Jameson

Kitwe, 30 March 1969

Nachisale,

Kalata iyi muwerenge nokha, mukatha muitenthe. Moyo ndili nawo, phazi lapola. Ndamva kuti nonse muli bwino.

Mafunso anu andikwiyitsa, ndisakubisireni. Zaka zonsezi mwakhala mukulira nyumba, nyumba, lero ndakupezerani mukuti kalata yanga ikumveka ngati uthenga wa maliro. Mukufunsa kuti nyumba yapezekayo munali ndani, popeza ndinati zonse zili ndi anthu. Mukufunsa chifukwa chake munthu amene ndinadya kwawo zaka zinayi ndamutchula m'mizere iwiri ngati mlendo. Ndinang'amba makalata awiri ndisanalembe ino. Chabwino, imvani.

Nyumbayo ndi ya Evaristo.

Manambala enieni ndi awa: maampu 550, mavoti 30, liwiro mainchi 16 pa mphindi. Pa kapepala kaja awiri oyambawo ndinalemba oona. Pa liwiro ndinalemba 24. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti pa 24 msoko umakongola pamwamba koma moto sulowa m'kati. Maganizo anga anali akuti adula kachidutswa, aona kuti sizinagwire, Endesha adziwa kuti popanda Kaphwiti makina sayenda, basi. Ndikulumbira, Nachisale, sindinafune zoposa pamenepo. Koma anzanga andiuza kuti Evaristo atatenga sowo kuti adule, Endesha anamulanda n'kuiponya uko, akuti nthawi palibe, msoko ukuoneka bwino, endesha, endesha. Anawotcherera matanki onse atatu usana ndi usiku, aliyense akuyamikira kusalala kwake.

Mwina munena kuti wolakwa ndi Endesha. Inenso ndimadziuza zomwezo m'mawa uliwonse, ndipo zimandigwira mpaka nthawi ya tiyi. Iye analanda sowo, inde, koma 24 analemba ndani? Munthu anandibweretsera nkhuku, mkazi wake atandichapira malaya, ine n'kumulembera bodza ali chiimire pambali pa bedi langa. Ali ndi ana anayi.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti pa mlandu dzina langa silinatchulidwe. Kaya kapepalako kananyowa, kaya anakataya, sindidziwa. Kalaliki akandiitana ndimangoganiza kuti kapezeka.

M'nyumbamo ndimagona pabalaza, kuchipinda sindinalowetseko katundu. Kumbuyo repu wa Philomena akukula yekha, anansi amandifunsa ngati angathyoleko, ndimati thyolani yense. Lamulungu likudzali kuli Mgonero, ndawauza abusa kuti ndidzakhala ku ntchito.

Mwafunsa, ndayankha. Tsopano musandiweruze muli kutali, simunaone pepala la kalaliki lija likuyenda. Ndinachitira inu ndi Ruby. Bwerani monga tinapangana.

Jameson

Kitwe, 27 April 1969

Wokondedwa Nachisale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine thupi lili bwino.

Yankho lanu linali lalifupi, koma linandikwanira. Mwati ndisanene kuti ndinachitira inu, chifukwa simunanditume. Mwati phazi lanu siliponda m'nyumbamo mpaka nditakaonana ndi Evaristo maso ndi maso. Ndinakwiya sabata yathunthu. Ndinati mkazi uyu akulamula ali pa mtunda wa masiku atatu, akudziwa chiyani za kuno? Dzulo ndinakwera basi ya ku Ndola.

Twapia, komboni kumene amakhala alamu ake a Evaristo, ali kumapeto kwa tauni. Ndinafunsafunsa mpaka mayi wina wogulitsa makala anandilozera. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akukhoma mbaula za migolo yakale ndi hamala yobwereka, munthu amene msoko wake wa dzanja unkaposa wanga. Onse sikisi akugona m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya alamu ake. Mwana wawo wamkulu wasiya sukulu, malo sanapezeke. Philomena anandipatsa mpando ndi madzi, anandifunsa za phazi, n'kulowa m'nyumba osatulukanso.

Ndinali nditakonza mawu m'basi monse, koma nditangoti, "Evaristo, pali chimene ndabwerera," anakweza dzanja. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi buku lake la mapemphero, n'kusololamo kapepala kaja. Kanali kopindidwa bwinobwino, 24 wanga ali poonekera.

Anati, "Matanki atang'ambika ninatenga zidutswa, ninayesa nekha masiku awiri. Ninapeza 16. Iwe sungalakwitse 16 kulemba 24, mune. Tinadulira limodzi zidutswa zija."

Ndinafunsa kuti nanga pa mlandu kapepalaka kanali kuti. Anagwira thumba la malaya ake. Akuti bwana wamkulu anamufunsa katatu kuti manambala anawatenga kuti, iye anayankha katatu kuti anapotokola za m'mutu mwake. Endesha, amene anamutuma kwa ine, sanatsutse, poopa kuti za sowo zingatuluke.

Nachisale, ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinati chifukwa chiyani, iwe, chifukwa chiyani? Anati, "Ine ni wa kuno. Akanichotsa nibwera ku Twapia, nikhoma mbaula. Iwe akanakukweza lole mpaka ku malire, osabwereranso. Ninaganiza za mlamu amene wadikira zaka zonse izi, na mwana amene sadziwa nkhope ya atate ake. Usaganize kuti ninachitira iwe."

Ndinati Lolemba ndipita ku ofesi ndikaulule zonse. Anaseka, koma osati kuseka kwake kuja. Akuti pamalo pake analemba kale munthu wina, Endesha sangavomere kuti analanda sowo, ndikaulula andichotsa ine iye osamubweza, tidzangokhala zitsiru ziwiri ndipo ana ake adzakhala atavutikira chabe. Ndinatulutsa envulopu ya ndalama imene ndinakonza, anaikankha ndi hamala osaigwira n'komwe. Kenaka anandiika kapepalako m'manja n'kupinda zala zanga.

Anati, "Tenga, ni kako. Itana mlamu abwere. Pampopi paja pamafuna kumanga na waya, pamadontha. Koma pano usadzapondenso, ndipo tikakumana mu tauni usanipatse moni."

Anatola hamala n'kupitiriza kukhoma. Ndinaima pamenepo kanthawi, sanadzutsenso mutu. Ndinalira m'basi, bambo wamkulu ndevu zili pepepe, anthu akundiyang'ana.

Ndachita zimene munanena, ndipo zandipweteka kuposa mmene munkaganizira. Ndalama ya ulendo ndaika pa positi. Nyumba ija mwaidikira zaka eyiti ilipo, zipinda ziwiri, mpopi panja, ndipo tsopano mukudziwa amene watipatsa. Ine ndekha sindingathe kukhalamo. Ngati mubwera, lembani tsiku ndidzakuchingamireni pa siteshoni. Ngati simubwera, lembaninso, ndidzamva.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundifunabe,
Jameson Kaphwiti